Kamera ya pakhola la nkhuku: momwe tinagwirira chithunzi ndi AL422B

Ntchito yanga kuno ku Harare ndi yokonza ma TV ndi ma decoder pa kashopu kena kufupi ndi Market Square, koma ntchito ya kamera iyi inachokera kutchalitchi. Mkulu wina wa mpingo wathu wa CCAP amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba yake ku Mufakose, ndipo ankadandaula kuti mazira akuchepa koma sakudziwa amene amatsegula khola iwo akachoka. Ankafuna kachipangizo kojambula chithunzi chitseko chikangotseguka, kosafuna intaneti, koyendera batire. Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira zamagetsi ku koleji, anali kale ndi kamera ya OV7670 ndi kabolodi ka STM32F103C8T6, kakompyuta kakang'ono koyendetsa zipangizo, kaja anthu amati Blue Pill. Anati, "Malume, zida zilipo, tingoyesa."

Choyamba ndinatembenuza kamerayo kuti ndione kumsana kwake. Ma OV7670 amagulitsidwa mitundu iwiri: ina ili ndi kamera yokha, ina ili ndi tchipi ya miyendo 28 yolembedwa AL422B, yopangidwa ndi kampani ya AverLogic. Yathu inali nayo, ndipo zonse zimene zinatsatira zinadalira tchipi imeneyi.

Vuto limene imathetsa limaoneka ukangochita masamu, ndipo ndinamuuza mnyamatayo kuti tichite masamuwo tisanagwire waya ngakhale mmodzi. OV7670, ya kampani ya OmniVision, imajambula timadontho 640 m'lifupi ndi 480 m'litali, mpaka zithunzi 30 pa sekondi. Kadontho kalikonse kakakhala ndi mtundu kamadya ma byte awiri. Ndiye chithunzi chimodzi ndi ma byte 614,400, ndipo pa liwiro lake lonse kamera imalavula ma byte oposa 18 miliyoni pa sekondi, clock yake yoyezera nthawi ikugunda ka 24 miliyoni pa sekondi. Siyembekeza munthu. Ukachedwa kutola byte imodzi, yapita. Blue Pill imathamanga pa 72 MHz, kugunda ka 72 miliyoni pa sekondi, kutanthauza kuti pa byte iliyonse ili ndi kugunda kutatu kokha koti iwerenge, isunge, ibwerenso. Ngakhale ikanakwanitsa, RAM yake, memory imene imagwirira ntchito, ndi 20 KB basi. Amene ali ndi Arduino Uno ali pamavuto oposa apa, chifukwa ili ndi 16 MHz ndi 2 KB.

AL422B imakhala pakati pa awiriwa. Aliyense wa kuno amadziwa zimene timachita madzi akabwera pampopi usiku: timadzaza mgolo msangamsanga akadali ndi mphamvu, kenako tsiku lonse n'kumatunga ndi kapu. Tchipi iyi ndi mgolo wotero, kungoti madzi ake sasakanikirana. Byte imene yayamba kulowa ndiyo imayamba kutuluka, n'chifukwa chake ili m'gulu la FIFO. Ili ndi khomo lolowera la mawaya 8 ndi khomo lotulukira la mawaya 8, lililonse ndi clock yakeyake, WCK yolembera ndi RCK yowerengera, ndipo iliyonse imatha kufika pa 50 MHz. Kamera imalemba pa liwiro lake, iwe n'kumawerenga pa liwiro lako.

Ine tchipi za mtundu uwu ndinazidziwira m'ma TV akale a 100 Hz. PAL, njira youlutsira TV imene tinkaonera kuno, imatumiza theka la chithunzi ka 50 pa sekondi, ndipo ma TV amenewo ankalemba thekalo mu memory n'kuliwerenga kawiri pa liwiro lowirikiza kuti chithunzi chisamaphethire. Nzeru yomweyo ili m'makina oika kachithunzi kakang'ono pakona ya chachikulu, m'makina osinthira NTSC ya ku America kupita ku PAL, ndi m'mabokosi akale a CCTV ogawa sikirini panayi.

Masamu achiwiri ndi amene amakhumudwitsa ambiri. AL422B imasunga ma byte 393,216. Chithunzi chathunthu cha 640 ndi 480 chokhala ndi mitundu, cha ma byte 614,400 chija, sichikwana. Ndipo tchipi siikuuza kuti yadzaza, ilibe pini yochenjeza. Ikafika kumapeto imabwerera poyambira n'kumalemba pamwamba pa zimene zinalipo, moti kumunsi kwa chithunzi kumafufuta kumtunda kwake. Tinasankha 320 ndi 240, mtundu wa RGB565 wa ma byte awiri pa kadontho, umene umapereka ma byte 153,600. Zithunzi ziwiri zotere zimakwana n'kutsalako malo. Nkhope ya munthu woima pachitseko cha khola imazindikirika bwino pa kukula kumeneku, makamaka ngati ndi munthu wa pakhomo pomwepo.

Kulumikiza mawaya sikunatenge nthawi, koma pali zinthu ziwiri zofunika kuziganizira. Mawaya 8 a data, D0 mpaka D7, tinawaika pa PA0 mpaka PA7 motsatizana, kuti byte yonse iziwerengedwa kamodzi m'malo motola pini imodziimodzi. Zimenezi zimalanda mapini a SPI yoyamba, njira yolankhulira ndi memory card, ndiye memory card tinaisamutsira ku SPI yachiwiri, pa PB12 mpaka PB15. Mawaya awiri olankhulira ndi kamera, SIOC ndi SIOD, anapita pa PB6 ndi PB7, lililonse ndi resistor ya 4.7k yokokera ku 3.3 V. Kamera iyi ndi ya 3.3 V, musaiyese ndi 5 V. Komanso dulani mawaya akhale aafupi. Aja ataliatali amitundumitundu ogulitsidwa m'mitolo amabweretsa timadontho tachilendo pachithunzi, n'kumayesa pulogalamu ndiyo yalakwika.

Tisanapemphe chithunzi tinafunsa kamera dzina lake. Imalankhula SCCB, imene imafanana kwambiri ndi I2C, njira yofala yolankhulirana matchipi pa mawaya awiri, pa adiresi 0x42 polemba ndi 0x43 powerenga. Ma library ambiri amafuna adiresi ya ma bit 7, imene ndi 0x21. Ma register ndi timalo ta manambala mkati mwa kamera tosunga dzina ndi makonzedwe ake, ndipo ukawerenga register 0x0A iyenera kuyankha 0x76, ndipo 0x0B iyankhe 0x73. Powerenga, kamera imafuna kuti utumize nambala ya register, uimitse kaye kulankhula, kenako uyambenso. Ukalumikiza ziwirizi popanda kuima, monga zipangizo zambiri za I2C zimalolera, imangokhala duu. Itayankha 0x76 tinalemba 0x80 mu register 0x12 kuti zonse zibwerere mwakale, tinadikira pang'ono, kenako n'kulemba zoichepetsera chithunzi: 0x04 mu 0x12 ndi 0xD0 mu 0x40 kuti ipereke RGB565, 0x04 mu 0x0C, 0x19 mu 0x3E, 0x11 mu 0x72 ndi 0xF1 mu 0x73. Ikangoyaka imafuna zithunzi zingapo kuti izolowere kuwala, choncho zoyambirira timazisiya zidutse.

Tsopano kugwira chithunzi. Apa m'pamene munthu amafunika kumvetsa kuti AL422B sidziwa n'komwe kuti chithunzi n'chiyani. Sidziwa poyambira mzere, sidziwa pothera. Ilibenso mawaya a adiresi monga memory ya mu kompyuta. Ili ndi zolozera ziwiri zokha mkati mwake, cholembera ndi chowerengera, ndipo chimene ungachite nazo n'kuzibwezera pa ziro kapena kuziyendetsa kutsogolo. Kudziwa nthawi yotsegula ndi yotseka khomo ndi udindo wako wonse.

Kamera imakweza pini ya VSYNC pakati pa chithunzi ndi chinzake. Ndiye pulogalamu yathu imadikira VSYNC, n'kutsitsa WRST kwa kanthawi kuti cholozera cholembera chibwerere pa ziro, kenako n'kukweza pini yololeza kulemba, imene pabolodi yathu yalembedwa WR ndipo pa ena WEN. Imadikiranso VSYNC yotsatira n'kutsitsa WR nthawi yomweyo. Pakati pa ma VSYNC awiriwa, Blue Pill sigwira byte ngakhale imodzi, kamera ndi tchipi zimathana zokha. Pabolodi pali kageti kakang'ono ka NAND kamene kamaphatikiza WR yathu ndi HREF ya kamera, ndipo HREF imakwera pokhapokha mzere weniweni ukutuluka. Chifukwa cha kagetika, mipata yopanda kanthu ya pakati pa mizere silowa mu tchipi, ndipo zimene zasungidwa ndi timadontho tokhatokha, mzere pambuyo pa mzere. Mabolodi amasiyana ndithu: pa ena WRST siituluka panja chifukwa anailumikiza kale ku VSYNC. Werengani zolembedwa pa mapini a bolodi yanu musanakopere pulogalamu ya munthu wina.

Kuwerenga kumayamba ndi kutsitsa OE kuti khomo lotulukira litseguke. Kenako umatsitsa RRST, yobwezera cholozera chowerengera pa ziro, n'kugunditsa RCK ili pansi choncho, n'kuikwezanso. Kugunditsako n'kofunika, chifukwa tchipi imamva lamulo la RRST pokhapokha clock ikagunda. Kuchokera apo, kugunda kulikonse kwa RCK kumatulutsa byte yotsatira. Mzere umodzi ndi ma byte 640, ndiye timatola mzere, n'kuutumiza, n'kutola wina, mpaka 240.

Poyesa tinkatumiza ku laputopu kudzera pa serial. Pa 115,200 baud pamadutsa ma byte 11,520 pa sekondi, choncho chithunzi chimodzi chimatenga masekondi 13 ndi kachidutswa. Mnyamatayo ataona mizere ikutsika pang'onopang'ono anafunsa, "Malume, nthawi yonseyi chithunzi sichikuwonongeka mkatimo?" Funso lake linali lanzeru kuposa mmene ankaganizira. Mkati mwa AL422B muli DRAM, imene imaiwala ikapanda kutsitsimulidwa pafupipafupi. Tchipi imadzitsitsimula yokha, koma imagwiritsa ntchito clock imene ikuthamanga kwambiri pa ziwiri zija, ndipo imeneyo iyenera kugunda mosalekeza, osatsika pansi pa 1 MHz. RCK yathu imagunda modukizadukiza, ndiye imene ikusunga chithunzi ndi WCK, yomwe ndi PCLK, clock imene kamera imatulutsira ma byte. Zotsatira zake n'zakuti kamera usaigoneke ndi pini ya PWDN usanamalize kuwerenga, ngakhale ukufunitsitsa kusunga batire. Usayatsenso bit 5 ya register 0x15, imene imaimitsa PCLK pa mipata ya pakati pa mizere. Kamera izingogunda, khomo lolembera lili chitsekere.

Chithunzi choyamba chinatuluka ndi mitundu yosokonekera, khoma loyera lili ndi mawanga obiriwira ndi apinki, ngakhale maonekedwe a zinthu ankadziwika. Pamenepa musathamangire kusintha ma register a mitundu. Yatsani kaye mizere yoyesera imene kamera ili nayo mkati, pa bit 3 ya register 0x42. Imatulutsa mizere 8 yoimirira ya mitundu yodziwika, ndipo imakuuza kumene kuli vuto. Kwa ife mizere inali yowongoka koma mitundu yolakwika, chizindikiro chakuti ma byte awiri a kadontho kalikonse asinthana malo. Kamera imayamba kutumiza byte yapamwamba, pamene STM32 ndi fayilo ya BMP zimayembekeza yapansi poyamba. Titawatembenuza, khoma linayera. Zomwezo zimachitika ukagunditsa RCK kamodzi kowonjezera pambuyo pa RRST, chifukwa chithunzi chonse chimasuntha ndi byte imodzi. Mizere ikapendekeka ngati denga, ndiye kuti ma byte amene ukuwerenga pa mzere sakufanana ndi amene kamera inalemba. Chithunzi chikaduka pakati, theka lina la nthawi ina, ndiye kuti WR inatsekedwa mochedwa kapena unayamba kuwerenga kulemba kusanathe.

Chimene ndinakondwera nacho kwambiri pa tchipi iyi n'chakuti kuwerenga sikufufuta kanthu. Ukabwezera RRST pa ziro, chithunzi chomwe chija chimatulukanso. Ife timawerenga kawiri: ulendo woyamba timangoona ngati muli kuwala kokwanira, wachiwiri ndiye timalemba pa memory card. Kulumpha kutsogolo n'kotheka, umangogunditsa RCK osatola kanthu. Kubwerera pang'ono m'mbuyo ndiye ayi, uyenera kuyambiranso pa ziro. Pachifukwa chimenechi fayilo ya BMP, imene mwachizolowezi imayambira mzere wapansi, tinailemba kutalika kwake ndi nambala ya minus kuti ivomere mizere yochokera pamwamba monga ikutulukira.

Poti zithunzi ziwiri zimakwana, tinasintha pulogalamu kuti WR ikhale yotsegula mpaka VSYNC yachitatu. Koma zithunzi zotsatizana choncho zimasiyana ndi kachigawo kochepa zedi ka sekondi, ndipo munthu amakhala asanasunthe. Ndiye timalemba choyamba, n'kutseka WR osakhudza WRST, n'kudikira sekondi imodzi, n'kutsegulanso pa VSYNC ina. Cholozera chimadikira pamene chinaima, ndipo chithunzi chachiwiri chimayambira pa byte 153,600.

Mnyamatayo anandiuza kuti anzake ku koleji akanangogula ESP32-CAM, imene ili ndi kamera ya OV2640 yofinya chithunzi kukhala JPEG yokha, ndi memory ya 4 MB pabolodi pomwepo. Sakunama, ndipo munthu amene akugula zida lero n'cholinga chongofuna chithunzi ndingamuuze atenge imeneyo. Koma iyo imabisa zonse mkati mwa library, ndipo tsiku limene chithunzi chidzaduke pakati sadzadziwa poyambira kufufuza. Pa AL422B wagwira VSYNC ndi dzanja lake, wawerenga ma byte a mzere, waona zimene byte imodzi yosochera imachita.

Ku Mufakose tinapita pa kombi Loweruka masana, zonse zili m'kabokosi ka pulasitiki. Pachitseko tinamata kamaginito ndi reed switch, kaswichi komva maginito, ndipo magetsi amachokera ku power bank, chifukwa a m'nyumba akazima zimene zili mu AL422B zimatha nthawi yomweyo ngati sizinafike pa memory card. Ma power bank ena amadzizimitsa chipangizo chikamakoka moto wochepa, koma poti kamera yathu siigona, wathu sanazime. OV7670 imavutika kukada, ndiye tinawonjezera ka LED koyera kamene kamayaka chitseko chikatseguka, ndipo pulogalamu imadikira theka la sekondi kuti kamera izolowere kuwalako isanakweze WR. Mkuluyo anatsegula chitseko okha kuti ayese, kenako tinaika memory card mu laputopu. Atadziona anati, "Achimwene, chipewa changa chokha ndiye chaoneka bwino." Kamera inali pamwamba kwambiri, ndipo tinaitsitsa kufika pa msinkhu wa phewa.