Lachiwiri, tsiku la kiliniki ya m'mudzi

Mvula yagwa usiku wonse. Ndadzuka cha m'ma 5 koloko, njinga ndaisiya chifukwa matope a mwezi wa February amamata matayala mpaka umachita kuisenza. Ndayenda wapansi, bokosi la mankhwala lili paphewa. Pofika pakanyumba komwe anthu a m'mudzi anatimangira, ndapeza amayi asanu ndi awiri akhala kale pakhonde, ana ali kumsana, mabuku a kuchipatala atawakulunga m'majumbo a shuga kuopa kunyowa.

Ntchito yanga ndine mlangizi wa zaumoyo, ngakhale kuno amangonditchula kuti adokotala. Ndinasiya kuwakonza. Pakiliniki ya m'mudzi timaona ana oyambira miyezi 2 mpaka zaka 5, ndipo matenda omwe tinaphunzitsidwa kuthana nawo ndi malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Ana atatu oyamba ndawayeza magazi, awiri apezeka ndi malungo, ndawapatsa LA. Wachinayi ndamupatsa thanzi ORS ndi zinki. Zimenezo zayenda bwinobwino.

Wachisanu ndi amene wandidyera tsiku. Kamnyamata ka chaka ndi miyezi inayi, thupi lotentha ngati mbale yochoka pamoto. Nditavundukula malaya ndinaona nthiti zikulowa m'kati popuma. Ndinawerenga mpweya kwa mphindi imodzi, unadutsa 40 kutalitali, ndipo mwana wa msinkhu umenewu akafika 40 ndiye kuti akupuma mofulumira kale. Bere akukana. Ameneyu si wapakhonde langa ayi, ndi wotumiza kuchipatala.

"Mayi, mwanayu wayamba liti?"

"Loweruka, adokotala."

"Nanga bwanji osabwera naye kunyumba kwanga Loweruka lomwelo?"

Anayang'ana pansi. Kenaka anati anali kuganyu yopalira m'munda wa munthu wina, ndipo akanajomba ana enawo akanagona ndi njala. Anagula Panado pagolosale, kutentha kunatsika pang'ono, nkuganiza kuti zatha. Kale ndikanawakalipira. Masiku ano ndimangoti "chabwino" chifukwa ndikudziwa kuti nkhokwe zinatha mu December.

Ndalemba kalata yotumiza, mavuto ndiye ayambira pomwepo. Chipatala chapafupi ndi chamishoni, cha pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo kumeneko kumafunika ndalama. Boma limapangana ndi zipatala zina zamishoni kuti amayi oyembekezera azithandizidwa ulere, koma m'maganizo mwa anthu kuno kumishoni ndi kolipira basi, sapondako alibe kanthu m'manja. Chaboma ndi chaulere, koma chili kutsidya kwa mtsinje, ndipo madzi lero adzaza. Kuzungulira kumlatho ndi ulendo wa kabaza wanjinga yamoto. Chichokereni kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, anyamata akabaza mtengo amangotchula momwe mafuta awagulira, ndipo mvula ikagwa amaonjezeranso za matope. Pamwamba pa apo, mwana akagonekedwa mayi afunika ufa, ndiwo ndi nkhuni zokaphikira kumalo a odikirira odwala. Nanga ana atatu otsala pakhomo asiyira yani?

Bambo a mwanayo ali ku Joni, chaka chachiwiri tsopano, ndipo foni yawo siikupezeka. Mayiyo anati sangachoke asanauze apongozi awo. Tinapita limodzi. Agogowo tinawapeza akusenda maungu, ndipo atamva anati mwanayo ndi wa mauka, adzamuonetsa kwa munthu wina mawa. Ndinakhala pansi pamphasa, sindinafune kulankhula nditaimirira.

"Agogo, inu mwalera ana ambiri kuposa ine. Taonani nokha pachifuwapa."

Anayang'anitsitsa nthitizo kwa kanthawi. Sanayankhe za maukazo. Anangofunsa kuti ndalama ya njinga ichokera kuti. Ndinazindikira kuti mwina nkhani inali imeneyo kuyambira pachiyambi.

Atithandiza ndi amayi a banki m'khonde. Gulu lawo lili ndi kathumba ka zadzidzidzi komwe aliyense amaponyamo pang'ono sabata iliyonse, ndipo mayiyu ndi membala ngakhale masheya ake ndi ochepa. Vuto linali loti bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi amasunga anthu atatu, ndipo mmodzi anali kumunda kudambo. Tinatuma mwana wasukulu kukawaitana. Ola lathunthu linapita tikudikira kiyi, ine ndikungoyang'ana kamwanako. Ndinali nditamupatsa kale mankhwala oyamba oti amugwirize panjira, koma mtima sunali m'malo.

Pomwe timadikira, mayi wina woyembekezera anandikokera pambali kufunsa ngati n'zoona kuti amfumu akulipiritsabe mbuzi munthu akachilira pakhomo. Ndinamuuza kuti inde, ndipo apite kuchidikiro mwezi wake ukakwana. Anaseka, nkuti mbuziyo alibe, ufa wokadya kuchidikiro alibenso, ndiye asankhe kusowa kuti. Lamuloli ndimaligwirizana nalo pofuna kupulumutsa amayi, koma limagwera kwambiri yemwe alibe kalikonse. Ndamulemba m'kaundula wanga kuti ndikalankhule ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi Lachisanu.

Njinga yamoto inanyamuka itangokwana 11 koloko, mayi atakumbatira mwana m'chitenje, kathumba ka ufa komwe agogo aja anapungula pa wawo kali pamiyendo. Ndinabwerera kukamaliza ana otsala, ndipo zoyezera malungo zanditsalira zisanu ndi chimodzi zokha.

Madzulo ano ndaimbira mnzanga wa kuchipatala chaboma chija. Akuti afika, mwana amugoneka ndipo amuika pa mpweya. Mayiyo watumiza uthenga woti ndikauze apongozi ake atsekere nkhuku, komanso ndikapepese kwa mwini munda kuti ganyu ija adzamaliza akabwerako. Ndipitako mawa m'mamawa ndisanapite kukathira klorini pachitsime cha kumunsi.