Facebook ikutsegula, sisitimu ya pashopu yakana: masiku 9 ndi K350 yanga

Lero ndi tsiku lachitatu sisitimu yathu ikugwira bwino, ndiye mtima wakhalako pansi moti ndingathe kulemba osatukwana. Ndimasunga mabuku pa shopu ya mbewu ndi feteleza kuno ku Down Shops, ku Chipata. Katundu yense, malisiti ndi ngongole za alimi zili mu sisitimu yomwe seva yake ili ku Johannesburg, ife timangolowa pa browser. Vutolo linachita kusankha Novembala, mvula yoyamba itagwa, pakhonde patadzaza alimi a ku Chadiza, a ku Vubwi ndi a njira ya ku Lundazi, aliyense akufuna D Compound ndi mbewu ya chimanga lero lomwe.

Lolemba m'mawa ndayatsa kompyuta, tsamba likungozungulira. WhatsApp ikulowa, Facebook ikutsegula, mnyamata wa pakauntala akuonera zigoli za dzulo pa YouTube osadukiza ngakhale pang'ono. Sisitimu yokha ndiyo yakana. Ndinayamba n'kukalipira eni sisitimu, iwo n'kundiyankha kuti seva ili moyo ndipo mashopu ena akugulitsa. Sindinawakhulupirire mpaka masana, pamene ndinalumikiza kompyuta ku hotspot ya foni yanga, yomwe ili pa kampani ina. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo. Ndikanachita zimenezi 8 koloko ndikanapulumutsa theka la tsiku. Inu yambirani pamenepo, bola foniyo ikhale ya kampani ina, osati yomweyo imene imakupatsani intaneti ya m'shopu.

Za kuzimitsa rauta ndi kuyatsanso sindinena, munachita kale musanafike pano. Ine ndinazichita kasanu ndi kawiri, chifukwa aliyense woyankha foni ku kampani ya intaneti amayambira pomwepo ngati pemphero lotsegulira. Lachiwiri wina anandiuza kuti chingwe cha pansi pa nyanja chaduka. Ndinamufunsa kuti chingwe chanji chimene chimaduka n'kusiya YouTube, n'kudana ndi shopu imodzi ya feteleza ku Chipata. Chingwe chikaduka zoona sizibisika. Mu Meyi 2024, zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka, abale athu a ku Lilongwe ndi anzathu a ku Tanzania analira onse pamodzi, zinthu zambiri zinkakwawa, osati tsamba limodzi. Wa pafoni uja anangoti dandaulo langa alilemba. Nambala ya tiketi sindinafunse, ndipo ndinadzaona nazo. Funsani nambala ya tiketi musanadule foni, ilembeni pakhoma ngati kuli kotheka.

Amene anandiwombola ndi alamu anga, amagwira ntchito za manetiweki ku Lusaka. Lachitatu usiku tinakhala pa WhatsApp, iwo akundiuza zolemba mu Command Prompt, ine ndikujambula skirini n'kutumiza. Poyamba ping, yomwe imafunsa ngati makina a pa adiresi inayake akuyankha, ku 192.168.1.1, ndiyo rauta yathu: ikuyankha. Kenako ping 8.8.8.8, ya Google: ikuyankha. Kenako nslookup ndi dzina la tsamba la sisitimu, kuti tione ngati dzinalo likusanduka nambala ya IP: nambala inabwera, yofanana ndi imene inkabwera pa hotspot. Ndiye DNS, yomwe imasandutsa dzina kukhala nambala, inalibe mlandu, ngakhale ndinali nditataya kale ola lathunthu kuisintha kupita ku 1.1.1.1 chifukwa mnzanga wa pa internet cafe ku Kapata analumbira kuti ndiwo mankhwala a chilichonse.

Alamu anayamba akayikira MTU, kukula kwa phukusi limodzi la data lomwe laini ingalole. Pa chingwe wamba ndi 1500, koma laini yolowa ndi PPPoE, njira yolumikizira ndi dzina ndi pasiwedi, ngati yathu imatsika kufika pa 1492, ndipo zikasokonekera masamba ena amatseguka theka n'kuima. Kuyesa kwake ndi ping -f -l 1464 kutsogolo kwa adiresi. Ku 8.8.8.8 inadutsa bwinobwino. Ndiye anati, "Alamu, siyani zimenezo, ingopangani ping wamba ku nambala ya seva ija." Yankho silinali Request timed out monga ndinkayembekezera. Linali TTL expired in transit, lochokera ku adiresi yoyamba ndi 10. Ndinangomva akuseka pa voice note: "Basi alamu, mbava tayigwira. Lembani tracert -d ndi nambala ija."

Ndifotokoze mmene anandifotokozera, chifukwa mukamvetsa izi simunganamizidwenso. Phukusi lililonse lochoka pa kompyuta yanu limanyamula nambala yotchedwa TTL. Rauta iliyonse imene ladutsapo imachotsapo 1, ndipo ikafika pa 0 phukusilo limatayidwa, rauta yolitayayo n'kukutumizirani uthenga. Anapanga dala chonchi kuti phukusi losokera lisazungulire mpaka kalekale. Tracert imapezerapo mwayi: imatumiza phukusi la TTL 1 kuti rauta yoyamba idziulule, kenako la TTL 2, la TTL 3, mpaka 30. Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo tracert ntchito yake ndi yomweyo, kufunsa pa mphambano iliyonse kuti iwe ndiwe yani.

Yanga inayenda bwino mizere inayi. Mzere wachisanu unali 10.20.4.1, wachisanu ndi chimodzi 10.20.4.2, wotsatira 10.20.4.1, wotsatira 10.20.4.2, chonchobe mpaka mzere wa 30. Marauta awiri akuponyerana phukusi langa, uyu akuti njira ya ku Johannesburg ili kwa mnzangayo, mnzakeyo akuti ayi, bwererani komwe mwachoka. Ndipo adiresi zoyamba ndi 10 ndi za m'nyumba, sizimayenda pa intaneti ya onse, kutanthauza kuti marauta onse awiri ali m'kati mwa netiweki ya kampani yomwe imatipatsa intaneti. Si shopu yathu, si Johannesburg, si nyanja. Chenjezo limodzi: mukaona nyenyezi zitatu (* * *) pa mzere umodzi wapakati koma mizere yotsatira ikuyankha, limenelo si vuto, marauta ena amangonyoza kuyankha tracert. Vuto ndi pamene zaima osapitirira, kapena pamene adiresi ziwiri zikubwerezabwereza ngati zanga.

Tsopano Lachinayi. Tsiku limeneli ndikalikumbuka mutu umandiwawa mpaka pano.

Ndinasindikiza tracert ija papepala, ndikudziona ngati loya. A pafoni anali atanena kuti ndipite ndi rauta ku ofesi yawo ya m'tauni, ndiye ndinazula zingwe, n'kukwera njinga ya hayala dzuwa likuswa mtengo. Kushopu ndinasiya foni yanga kuti hotspot isazime, kutanthauza kuti tsiku lonse ndinalibe foni. Pamzere ndinakhala kuyambira 9 koloko mpaka pafupifupi 12, pakati pa ofuna kubweza SIM yotayika ndi okangana za ndalama zolowa ku nambala yolakwika. Nditafika pa desiki, amayi a pamenepo anayang'ana pepala langa ngati ndawapatsa kalata ya Chitchaina. "Atate, nambala ya tiketi?" Ndilibe. "Ndiye m'sisitimu mulibe dandaulo lanu." Mafoni onse a Lolemba ndi Lachiwiri anapita ndi mphepo. Anandituma kwa mnyamata wa kuseri, iye anayatsa rauta, nyali zonse zobiriwira, n'kuti rauta ilibe vuto. Ndinati ndikudziwa, ndiye chifukwa chake ndabwera ndi pepala ili. Anati zimenezo ndi za amisiri, bwererani ku desiki. Ku desiki anati amisiri atuluka, ndipo kuti abwere kushopu muyenera kulipira K350 kwa kashiya. Kashiya anali ku nkhomaliro. Nditakhala pabenchi paja ndinayang'ana pepala langa, 10.20.4.1, 10.20.4.2, ndipo ndinaona kuti ine ndi phukusi lija tili pa ulendo umodzi, kungoti ine ndinalibe TTL yondimasula.

Ndinalipira. Musalipire. Ndinadziwa bwinobwino kuti vuto silili m'shopu, umboni uli m'manja, koma njala ndi kutopa zinandigonjetsa, komanso ndinkaganiza kuti mmisiri akabwera adzaona yekha n'kuuza akuluakulu ake. K350 yotuluka m'thumba langa, chifukwa abwana anali atanena kale kuti ndalama za bundle zokha zawakwana.

Mmisiri anabwera Loweruka. Mwana waulemu ndithu, sindimuda. Anadula kamutu ka chingwe n'kuika katsopano, anayesa speed test, manambala okongola, n'kutsegula Facebook: "Mwaona bosi, intaneti ilipo." Apa mudziwe chinthu china chomwe alamu anandiuza. Speed test imasankha seva yapafupi, nthawi zambiri ya kampani yomweyo, ndiye singakuuzeni kanthu za njira ya ku Johannesburg. YouTube ndi Facebook nazonso si umboni, chifukwa Google ndi Meta amaika maseva osungira mavidiyo ndi zithunzi m'kati mwa makampani a intaneti, ndiye zambiri zimene mukuonera sizichokera kutali. Ndinamuonetsa tracert, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvomera kuti izi ndi za a NOC, oyang'anira netiweki yonse ya kampani, ku Lusaka, iye alibe ngakhale pasiwedi ya marauta amenewo. Kenako anandipatsa job card kuti ndisayine kuti anafika. Ndinasayina. Lolemba lotsatira ndikuimba, akundiuza kuti tiketi yanga inatsekedwa, ntchito inatha, kasitomala anasayina. Musasayine kanthu tsamba lanu lisanatseguke pamaso panu, kapena lembani ndi dzanja lanu pa khadipo kuti vuto likadalipo.

Ndaiwala kunena kuti masiku onsewa hotspot inkatigwiritsa ntchito mokoka. Munthu akangondiimbira, intaneti imaima, lisiti ili pakati. Malaiti akapita foni imatha moto msanga kuposa laputopu. Lachisanu tinagulitsa matumba oposa 40 polemba m'kope la sukulu, ndipo ndinakhala mpaka 21 koloko kuwalowetsa m'sisitimu limodzilimodzi. Matumba awiri a urea mpaka lero sakugwirizana.

Chomwe chinathandiza ndi imelo, osati foni. Alamu anandilembera mutu wake m'Chingerezi cha anthu a ntchitoyo, mawu akuti routing loop, ndiko kuponyerana kwa marauta kuja, ali poyambirira penipeni, chifukwa akuti imelo yongoti intaneti sikugwira imagwera mudengu limodzi ndi mazana ena. M'kati ndinaika nambala ya akaunti, nambala ya tiketi yatsopano, IP yathu ya kunja monga imaonekera mukafufuza what is my ip pa intaneti, IP ya seva, tsiku ndi nthawi imene vuto linayamba, ndi tracert ziwiri: ya pa laini yawo yozungulira ija, ndi ya pa hotspot yofika bwinobwino. Osatumiza chithunzi chojambula ndi foni, iwo amafuna mawu oti akopere. Mukalemba tracert -d nambala > njira.txt zonse zimalowa mufailo. Pansi ndinaonjeza mwaulemu kuti ndikapanda kumva kanthu ndipita ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti. Kumeneko nakonso chinthu choyamba chimene angafune kudziwa n'chakuti munadandaula kale ku kampani yanu, ndiye mwaona, nambala ya tiketi ija yabweranso. Ndipo poimba foni musamafotokozenso nkhani yonse kuyambira pa Adamu. Nenani nambala ya tiketi, nenani kuti mukufuna ipite ku NOC, basi.

Lachiwiri, tsiku la 9, cha m'ma 15 koloko, anandiimbira bambo wina wa mawu otopa. Sanandifunse za kuzimitsa rauta. Anangoti, "Abwana, pangani tracert tsopano." Mzere wachisanu 10.20.4.1, wachisanu ndi chimodzi adiresi yachilendo, kenako ina, ina, mpaka seva inayankha pa mzere wa 13. Ndinafunsa chinali chiyani. Anati usiku wa Lamlungu lija anasamutsa njira zawo zotulukira kunja kupita ku laini ina. Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja yamchere, ndiye kampani iliyonse imagula njira kwa anzake odutsa ku Namibia, Tanzania, Mozambique kapena South Africa, ndipo marauta akuluakulu amauzana okha njira zimenezi kudzera mu chinenero chawo chotchedwa BGP. Koma pa rauta imodzi panatsala njira yakale yolembedwa ndi dzanja, static route, ya gulu la maadiresi momwe muli seva yathu, ikulozabe ku rauta yomwe sinalinso ndi khomo lotulukira. Rauta imeneyo, posowa kopita, inkabweza zonse kwa mnzake. Anafufuta mzere umodzi. Anati sizinamutengere mphindi zisanu, ndipo imelo yanga inali itangomufika masana omwewo.

Dzulo ndinapitanso ku ofesi ija ndi lisiti ya K350, kupempha kuti aibweze kapena aichotse pa bilu ya Disembala, poti vuto linali lawo. Amayi aja anatsegula tiketi yoyamba n'kundiwerengera zimene zinalembedwa potseka: chingwe cha kasitomala chinasinthidwa, intaneti inabwerera. Anati ngati ndikutsutsa ndilembe kalata kwa manejala, ndipo manejala ali ku Katete mpaka Lachisanu. Kalatayo ndalemba, ndaphatikizapo tracert zonse zitatu, ndipo nthawi ino sindinachoke pa desiki mpaka atandilembera nambala kuseri kwa lisiti.