Kwa agogo ku Mufakose, panjira ya kwa amonke

Basi inanyamuka ku Blantyre mbandakucha, ndipo pofika pa Mwanza dzuwa linali litayamba kale kuluma. Ulendo wapamtunda wa ku Harare ndi wa zidindo: Mwanza, Zobue, kutentha kwa ku Tete kumene kumaumitsa kukhosi, mlatho wa pa Zambezi, kenako Cuchamano ndi Nyamapanda. Mayi amene tinakhala mpando umodzi anandifunsa kuti ndikukaoda chiyani. Ndinati ndikukaona achibale. Sindinaname, koma m'chikwama munalinso kalata ya bambo mfumu a parishi yathu yondidziwitsa kwa amonke a Benedikto Woyera ku Macheke.

Kwathu ku Dedza mnyamata akanena kuti akufuna unsembe, njira yake aliyense amaidziwa. Amapita ku Kachebere ku Mchinji, kenako ku St Peter's ku Zomba, ndipo tsiku lodzozedwa mudzi wonse umaimba nthungululu. Izi mayi anga anazilandira ndi manja awiri. Chimene chinawavuta ndi pamene ndinawauza kuti mtima wanga ukukokera ku moyo wa amonke, wokhala m'nyumba imodzi, kupemphera ndi kugwira ntchito. Anandifunsa kuti, "Nanga Misa ya maliro anga adzawerenga ndani?" Funso limeneli ndayenda nalo zaka zitatu.

Tinadutsa pa Mutoko kukuda. Chapafupi pamenepo pali Mutemwa, kumene John Bradburne anakhala ndi odwala khate kuyambira 1969 mpaka anaphedwa mu Seputembala 1979. Mngelezi ameneyu anayesa kangapo kulowa kwa amonke, kwa Abenedikto ndi kwa Akatuziano, koma sanakhazikike, ndipo unsembe sanaulandire. Mu 2019 Mpingo unatsegula kafukufuku woona ngati angatchulidwe wodala. Ndinasuzumira pawindo, ndinangoona mithunzi ya mapiri a miyala. Nkhani yake imandilimbitsa mtima, komanso imandiopsa, chifukwa munthu angagogode makomo ambiri asanapeze lake.

Pa Roadport, potsikira mabasi ku Harare, anandichingamira msuweni wanga, tinakwera kombi ya ku Mufakose, dera lina la mumzindamo. Kumeneko kuli agogo, mlongo wawo wa agogo anga aakazi, amene anachoka kumudzi nthawi ya Chitaganya, cha pakati pa 1953 ndi 1963, mzindawu ukutchedwa Salisbury. Sanabwererenso. Kwathu timawatchula kuti anatchona, ndipo mawuwa sitiwanena mokoma. Iwo ndiwo akanakhala mwinimbumba wathu.

Anandigwira dzanja nthawi yaitali. "Iwe ndiwe wa kwa mlongo wanga? Nkhope ndi yomweyo." Chichewa chawo n'chakale, chosalala, chokhala ndi mawu amene ine ndinawamva komaliza ndili mwana, koma apa ndi apo Chishona chimalowerera. Adzukulu awo amamva zonse koma amayankha m'Chishona. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amachiwerengera Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, komabe m'nyumba muja chikutha pamodzi ndi nkhalamba. Lamulungu titatuluka mu Misa, amene analinso m'Chishona, akuluakulu angapo anandizungulira panja pa tchalitchi. Wina wa ku Ntcheu, wina wa ku Mulanje, aliyense kufunsa za mudzi wake ngati ine ndinauyendera dzulo.

Tsiku limodzi ndinalowa m'tauni kukagwada mu tchalitchi chachikulu cha Sacred Heart, kenako ndinakafika ku Chishawasha, mishoni imene Ajezuiti anayamba mu 1892, kumene kulinso seminale yaikulu. Ndinaona anyamata amsinkhu wanga atanyamula mabuku, ndipo kunena zoona ndinawasirira. Moyo wawo ndimaumvetsa.

Ku Macheke ndi makilomita opitirira pang'ono 100 kuchokera ku Harare, pamsewu wa ku Mutare, ukadutsa Marondera. Nyumba ya amonkeyi ili ku Monte Cassino, imatchedwa Christ the Word, ndipo anaiyamba mu 1996 amonke ochokera ku Ampleforth ku England. Ndi banja laling'ono. Ndinakhalako masiku asanu. Belu likalira kusanache, timapita kukaimba Masalimo, ndipo tsiku lonse limayenda choncho: pemphero, ntchito yamanja, kuwerenga Malembo mwakachetechete, pemphero kachiwiri. Tsiku loyamba chete uja ndinamukonda. Tsiku lachitatu anandilemera. Popanda foni ndi macheza, zonse zimene ndinkazibisa zinayamba kutuluka: mkwiyo wakale, mtsikana amene tinasiyana, ndiponso chilakolako chakuti anthu azidzanditchula kuti Abambo.

Mmonke wina wachikulire anandipatsa nthawi masana ena. Anatsegula malamulo a Benedikto Woyera pa mutu 58, pamene akunena kuti wobwera kumene asamutsegulire msanga, ayambe wagogoda masiku anayi kapena asanu, ndipo chofunika kuona mwa iye n'chakuti kodi akufunafunadi Mulungu. Anandifotokozera za unovisi, nthawi yoyeserera moyo wa amonke yosachepera chaka, malumbiro akanthawi a zaka zosachepera zitatu, kenako a moyo wonse. Malumbirowo ndi atatu: kumvera, kutembenuka mtima tsiku ndi tsiku monga mwa moyo wa amonke, ndi kukhazikika m'banja limodzi la amonke mpaka imfa. Za unsembe anati mmonke sadzisankhira yekha. Pa mutu 62 akuti abati, mkulu wa amonke, ndiye amasankha woyenera kudzozedwa, banjalo likafuna wansembe.

"Tiyerekeze kuti sanakusankheni," anatero, "mwakalamba muli bulazala, mukulima dimba ndi kulandira alendo. Mungakhalebe?"

Ndinasowa chonena. Iye sanandikakamize. Anangoti ndibwerere, ndikapemphere, ndikakambirane ndi wonditsogolera pa moyo wauzimu, ndipo ngati funsolo silindichoka ndidzabwerenso kudzakhala nthawi yotalikirapo. Ndinalemekeza kwambiri kuti sanandinyengerere, ngakhale kuti m'nyumbamo manja ndi ochepa.

Nditabwerera ku Mufakose ndinawafotokozera agogo zonse, tili pakhonde madzulo, amayi a m'nyumbamo akuphika sadza. Nditafika pa lumbiro la kukhazikika anandidula.

"Ndiye kuti ukufuna kutchona."

Ndinayesa kukana, iwo anakweza dzanja. Anati iwo anabwera kudzagwira ntchito zaka ziwiri zokha, kuti agule njinga ndi bulangeti. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Kalata ya maliro a mayi awo inafika patapita miyezi, ndipo manyazi anawatsekera njira. Kenako anakwatira, anaika mwana woyamba m'dothi la kuno, basi kwawo kunasanduka kuno. "Ine sindinasankhe, mdzukulu wanga, ndinangozengereza mpaka ndinakalamba. Chimene chimandipweteka si kukhala kuno ayi. N'chakuti sindinatsanzike. Mlongo wanga anafa akuyang'ana kunjira."

Anakhala chete kanthawi, akupukusa kolona yawo ya mikanda yofwifwa. Kenako anati, "Ngati ndi Mulungu akukuitana, pita, ngakhale usadzavale mkanjo wa Misa. Koma usazembe. Ukakhale pansi ndi mayi ako, ndi amalume ako, uwauze poyera kuti ukupita kosabwerera, alire uli pomwepo. Akakupatsa madalitso ndiye unyamuke."

Usiku umenewo sindinagone. Kwa zaka zitatu ndinkaganiza kuti nkhani ili pakati pa ine ndi Mulungu basi, ndipo mayi anga ndinkawauza zodukizadukiza poopa misozi yawo. Yankho la funso la mmonke uja sindinalipezebe, koma ndinadziwa kumene ndiyenera kuyambira.

M'mawa mwake agogo anandiperekeza mpaka pokwerera kombi, akuyenda ndi ndodo. Anandipatsa chitenje chimene anatuma mdzukulu kukagula ku Mbare Musika, ndi madola khumi okulunga m'kapepala. "Ukawapatse mayi ako. Ukati achokera kwa amalume awo a ku Halale." Ndafika ku Dedza Lachinayi, ndipo amalume ndawatumizira kale uthenga kuti tikumane kwa mayi Loweruka likubwerali.