Za sikelo yathu ndi CSR ya ana a sukulu

Ife timagula mbewu basi, nandolo, soya ndi chimanga, kashedi kathu kali ku Phalombe ndipo timakagulitsa ku Limbe. Tinayamba ine ndi achimwene ndi ndalama ya banki mkhonde ya amayi, olo sikelo yoyamba inali yobwereka.

Mu 2017 nandolo atagwa mtengo chifukwa India inachepetsa kugula, mavenda ambiri anayamba kuseweretsa masikelo, thumba la 50kg lodzadza bwinobwino lizioneka lopelewera. Manejala wathu ankangoti bwana bizinesi si tchalitchi, aliyense akutero. Ndi munthu wolimbikira ndithu sindikumunyoza ayi, koma kwa iyeyo chilungamo ndi chinthu chochita ukakhuta kaye. Tinakana. Sikelo yathu amayeza a MBS, bungwe la boma loona za miyezo, ndipo mlimi amaona yekha manambala, ngati maso avuta abwere ndi mwana wake awerenge.

Kenako kunabwera mtsikana wa ku MUBAS, ija ena mpaka pano amati Poly, pa atachimenti. Ameneyo ndiye CSR, zija zoti kampani izithandizako anthu a m'dera, pakamwa tsiku ndi tsiku, akuti tipereke makope ku pulayimale, tijambulitse, tiponye pa Facebook anthu atidziwe. Freddy atawomba mu Malichi 2023 ndi iyeyo anatikakamiza kukapereka ufa kumakampu, ndipo apo anachita bwino zedi chifukwa kwathu kuno anthu anatsala ndi zovala za m'thupi zokha.

Koma tsiku lina tikukamba za anyamata onyamula matumba, kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala chaka chomwecho, mtsikana yemweyo akuti amenewo musawakwezere, phindu lichepa. Ndinamufunsa kuti iwe mwana, ufa wa pa kamera ukuuvomera, nsima ya mnyamata amene amathyoka msana pano ukuikana? Manejala anaseka, tsiku limenelo anagwirizana koyamba awiriwa, zomwe zinandiopsa pang'ono.

Anyamata tinawakwezera. Mtsikanayo anakwiya kamasiku kenako anakhala pansi ndi laputopu yake n'kutipangira malisiti, mlimi aliyense azilandira pepala la kulemera kwa katundu ndi mtengo wake, ndalama tsiku lomwelo pamanja kapena pa Mpamba ndi Airtel Money, za mubwere mawa zinatha. Manejala akudandaulabe kuti mapepala akudya ndalama, ndiye tamupatsa ntchito yosaka kopulinta motchipa ku Limbe.