Ndinafukula galimoto ya eni ake

Anthu a ku Dedza tili ndi matenda amodzi, timaona ngati kuzizira timakudziwa kuposa wina aliyense. Ine ndinakulira kumeneko, June ndi July kumapita ku sukulu milomo ili ng'aa kung'ambika, ndiye nditafika ku Minneapolis ku America ndinkawauza anthu kuti aaa izi nzachibwana ife takula nazo. Chaka choyamba kuzizira kwa kuno kunandikhazika pansi ndithu, koma pofika April 2018 matama anali atabwereranso. Sinowo yomwe inagwa kumayambiriro kwa mweziwo ndinati imeneyi ndi yotsanzika basi, itangoyamba kusungunuka ndinatenga fosholo, thumba la mchere wothira panjira ndi majombo, zonse nkukatsekera mu kashedi kuseri kwa nyumba, loko khethe.

Amayi akunyumba anayesa kundiletsa. Akuti bambo a Chisomo, pa TV akuti kukubwera chimphepo cha sinowo, bwanji fosholoyo ikhale kaye pakhonde. Ine ndikuti mayi, a zanyengo ndi amodzi kulikonse, kalendala ikuti spring inayamba pa 20 March, inu mukufuna kutsutsana ndi kalendala? Anangoti chabwino. Amene muli pabanja mukuidziwa chabwino imeneyi.

Lachisanu pa 13 April kunayamba ngati kamvula kosakaniza ndi matalala, ine nkumaseka. Loweruka ayi ndithu kunja kunayera mbuu osaona ngakhale nyumba ya tsidya la msewu, ndege zinaima ku eyapoti, masewero a baseball a Twins anawaimitsa, Lamulungu ikugwabe ngati wina waiwala kutseka mpopi. Pomaliza akuti inagwa mainchesi 15.8, ndiye kuti pafupifupi masentimita 40, ndipo kuno ku Twin Cities (Minneapolis ndi St. Paul) sinowo yochuluka choncho kugwa kamodzi mu April inali isanalembedwepo. Inadikira kuti ine ndibise fosholo kaye.

Lolemba ndinadzuka 5 koloko poti ndimayenera kupita kuntchito, komanso kuno lamulo la mzinda limati sinowo ikasiya kugwa uchotse pa kanjira ka oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba yako pasanathe maola 24, ukapanda kutero akhoza kudzachotsa okha nkukutumizira bilu. Vuto loyamba: fosholo ili mu shedi, shedi yakwiririka mpaka pa loko chifukwa mphepo inakaunjika konko. Kuti nditenge fosholo ndimafunika fosholo. Ndinalowa kukhitchini mwakachetechete nkutenga thireyi ya mu uvuni ija amaotchera nkhuku, majombo ali mu shedi momwemo ndiye ndinavala nsapato za kutchalitchi nditakulunga mapazi m'majumbo. Munthu wamkulu, digiri ndili nayo, ndikupalasa pansi ndi thireyi ngati nkhuku pa dzala. Fosholo ndinaitulutsa koma thireyiyo inapindika, nkhani yake sinathe mpaka lero.

Tsono amene simunaigwirepo, sinowo si imodzi. Ya January kukazizira kwambiri imakhala youma, yopepuka ngati ufa woyera, ukhoza kuisesa ndi tsache. Ya April imakhala ndi madzi, imamata pa fosholo, kulemera kwake ngati dothi la kudambo mvula itagwa sabata yonse. Kuno amachita kuitchula kuti ndi sinowo yodwalitsa mtima chifukwa imagwetsa anthu akuluakulu. Amalangiza kuti uzikankha osati kunyamula, uzipinda mawondo, uzipumira. Ine mwana wa mlimi ndinati zopumirazo nza anthu oti sanagwirepo khasu, ndinaigwira ngati ndikuunda mizere ya mbatata, kutapa kuponya kutapa kuponya, mphindi 20 zokha msana unayamba kuyankhula zinenero.

Kanjira nditamaliza kunatsala galimoto. Nyumba yomwe timachita lendi ilibe galaja ndiye timaimika mumsewu. Nditayang'ana msewu wonse kunalibe galimoto ngakhale imodzi yooneka, kunali zulu zoyera zokhazokha zitandandalika. Ine osaganiza kawiri ndinapita pa chulu chomwe chinali dwii pakhomo pathu, si ndimaimika pamenepo masiku onse. Ndinakumba amwene. Kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, pansi pa matayala, nkutulukira ka Corolla kotuwa, mtima nkuti eya ndi kameneka. Ndinapukuta magalasi onse ndi dzanja la jekete, ndinapala ayezi pa windisikilini, mawaipa ndinawadzutsa bwinobwino, mpaka kanjira kotulukira mumsewu ndinakakonza kosalala ngati pabwalo la mfumu. Ola limodzi ndi theka, thukuta kamukamu mkati mwa jekete koma zala zitafa.

Ndiye ndinatulutsa kiyi monyadira, nkudina.

Tswii tswii. Kulira kunamveka inde, koma galimoto yomwe ndaima nayo ili phee. Ndinadinanso. Chulu chakumbuyo kwake ndi chomwe chinayankha, timagetsi tikuphethira pansi pa sinowo ngati ziphaniphani. Apo mpomwe ndinakumbukira kuti Lachisanu lija ndinapeza malo anga pali kale galimoto ndipo ndinaimika kumbuyo. Nditasuzumira mkati mwa yomwe ndafukulayo, pampando pali chipewa cha timu ya mpira ya Vikings ndi mbale ya galu. Ife galu tilibe.

Ndisanaganize chochita chitseko cha neba chinatseguka, nkutuluka mdala wina wachizungu wa zaka za m'ma 70, kapu ya khofi kumanja. Anayang'ana galimoto yake, nkuyang'ana ine, nkuyang'ana majumbo kumapazi kwanga, nkuti "uff da", ndi mawu omwe azungu a kuno ochokera ku Norway amanena akadabwa, ngati ife tikamati mayo ine. Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu akuti sanaonepo neba wamtima wabwino chonchi, ankadandaula kuti apita bwanji kuchipatala ndi bondo lakelo. Munthu ungamuuze kuti pepani agogo ndinasokoneza? Ndinangoti musadandaule, kwathu ku Malawi ndi mmene timachitira ndi akuluakulu. Ndinanamizira dziko lonse. Mdala analowa, kuliza kamodzi, uyooo, akundibayibitsa.

Ndinayamba yanga tsopano manja akunjenjemera. Nditangomaliza mbali ya dalaivala ndinamva chigalimoto chokankha sinowo chikubwera, magetsi ake akuthwanima, ndinachita kuimika dzanja ngati ndikuimitsa minibasi ya ku Area 25. Chinadutsa osandiona nkomwe, sinowo yonse ya mumsewu, yakuda yosakaniza ndi mchenga ndi zibuma za ayezi, nkuikankhira pomwe ndangochotsapo mpaka m'mawondo. Mwaukali ndinatapa fosholo yodzadza kuti ndiponye kutali, nsapato za kutchalitchi zija zinakana, miyendo m'mwamba, ine chagada phiii, fosholo nkunditsanulira katundu yense kumaso.

Ndili chigonere choncho ndinamva kugogoda pa windo. Amayi akunyumba, foni m'manja, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Kufunsa kuti mwayamba liti kujambula, akuti kuyambira pa thireyi. Kufunsa kuti ndiye munaona kuti si galimoto yathu bwanji osandiuza, akuti bambo a Chisomo, ine sindifuna kutsutsana ndi kalendala.

Kuntchito ndinafika 10 koloko ndikuyenda ngati nkhanu. Madzulo mdala uja anabweretsa chimbale cha hotdish, chakudya chawo cha kuno cha nyama yogaya ndi timbatata pamwamba, pamodzi ndi khadi lothokoza, ndipo pano msewu wonse umandidziwa ngati mnyamata wachifundo wa ku Africa, sinowo ikagwa azigogo awiri ena amangondiyang'ana pa windo mwachiyembekezo. Vidiyo ija inali itafika kale pa gulupu ya WhatsApp ya kubanja, ndipo usiku womwewo mayi anga ku Dedza anatumiza voisi noti. Akuti mwana wanga, ngati kumeneko unapitira ganyu ungobwera, kuno kachewere akufuna wokumba.