Kapinga wa buluu ku Boise ndi mkangano omwe ndinabwera nawo mpaka ku Area 25

Ndinapita ku America kukaona mwana wa achemwali anga yemwe anali atangobadwa kumene, osati za mpira ayi, tiyambe tamvana pamenepo. Munali mu September 2024. Ulendo wake ndi uja otopetsa, Lilongwe, Addis, Washington, kenako kandege kena mpaka ku Boise, likulu la Idaho, dera loti ukalitchula kwa munthu wa ku America komweko amangoti aaa kwa mbatata kuja. Ndipo zoona kachewere kumeneko ali ngati chimanga kwathu kuno, mpaka pa manambala a galimoto analembapo kutamanda mbatata, ine ndinaseka ndekha pa eyapoti.

Alamu anga kwawo ndi ku Zomba, munthu oti kale ankafera Noma, tinkatukwanizana nawo sabata yonse ya derby poti ine ndine wa Maule. Ndiye tangoganizani ndikuwapeza avala jezi ya buluu ndi olenji, kumsana nambala 2, akundiuza kuti alamu Loweruka musapange pulogalamu ina, matikiti ndagula kale, tikukaona Jeanty. Ndinati Jeanty ndi ndaninso. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti nsima ndi chani.

Loweruka lake linali pa 28 September, Boise State Broncos imalandira Washington State pa mpira uja wa ku America ogwira ndi manja, American football. Awatu ndi ana a sukulu, a pa yunivesite, koma sitediyamu yawo, Albertsons Stadium, nthawi imeneyo inkalowa anthu cha m'ma 36,000, kungochepa pang'ono kwa Bingu Stadium yathu ija, ndipo inadzaza thothotho. Gemu inali ya usiku koma anthu anayamba kufika dzuwa likadali pamutu, amati tailgate, munthu wabwera ndi galimoto lake watsegula kumbuyo wayika mbaula, tenti, mipando, TV, akuwotcha nyama, ndipo mlendo ukangodutsa amakuyitana ngati pa chinkhoswe. Mayi wina anandipatsa tchipisi ndi sosi wa pinki amati fry sauce, ndi tomato sosi osakaniza ndi mayonesi basi, koma ankandidikira ndilawe ngati wandipatsa mankhwala a ku Mulanje kkkk.

Titalowa mkati ndinangoti kukamwa yasaa. Kapinga wake ndi wa buluu. Osati obiriwira ngati oyala uja wa pa Kamuzu Stadium, buluu weniweni, anamuyika koyamba mu 1986 ndipo ndi chomwe sukuluyi imadziwika nacho dziko lonse. Pali nthabwala yoti abakha amatera pomwepo poyesa nyanja, alamu akuti ndi bodza la masapota koma amalikambabe kwa mlendo aliyense. Mbali imodzi ya sitediyamu ikakuwa kuti Boise ina imayankha kuti State, mpaka mpando umanjenjemera.

Mpira wake poyamba sindinkautolera. Anthu 11 uku 11 uko, kugundana masekondi asanu, kuima, kukambirana, kugundananso. Alamu anandimasulira mwachidule kuti timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi kena, ikakafika kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6. Pa wotchi ndi magawo anayi a mphindi 15 koma mumakhala pamenepo maola atatu ndi kuposa. Ndiye anati zinazo zisiyeni alamu, inu muzingoyang'ana nambala 2.

Ashton Jeanty ndi running back, ntchito yake kulandira mpira mmanja ndi kuthamanga nawo kudutsa pakati pa anthu ofuna kumugwetsa. Si wamtali, ndi wamfupi ojintcha, ndipo chomwe chinandigwira mtima ndi maimidwe ake mpira usanayambe. Anzake onse amawerama, kukonzeka, iye amangoima njii manja ali lende ngati munthu akudikira minibasi pa siteji. Kenako akangoupatsidwa, eee. Ndinaona munthu akumugwira mwendo, wina kumugunda paphewa, ine ndati wagwa basi, iye kungodzandira pang'ono nkutulukira mbali ina liwiro lili mtima, bwalo lonse kuimirira, alamu kundikhuthulira chakumwa pa buluku osapepesa nkomwe. Usiku umenewo anathamanga mayadi 259 ndi ma touchdown anayi, Boise inawina 45-24. Bwalo lonse ndi mayadi 100, ndiye muwerengere nokha, mwana mmodzi kulidutsa kawiri ndi theka anthu akumukoka malaya.

Koma nkhani yomwe ndimafuna ndikambe inachitika Lolemba. Kumeneko ligi iliyonse ya makoleji, amati conference, Lolemba imalengeza osewera omwe achita bwino sabata imeneyo. Boise nthawi imeneyo inali mu Mountain West, ndipo amasankha wa kutsogolo, wa kumbuyo otchinga, wa special teams omwe ndi aja omenya mpira ndi mwendo ndi obweza ma kick, komanso wa chaka choyamba. Alamu anali pa foni kuyambira mmawa ku ntchito, kunditumizira chithunzi pa WhatsApp kuti onani watenganso. Ine ndinafunsa funso la Chimalawi, nanga amupatsa zingati. Anaseka. Chomwe ndinaona ine ndi kachithunzi pa X ndi Instagram, dzina, manambala a gemu, basi. Koma ndemanga zomwe zinali pansi pa kachithunziko, abale, ngati chisankho cha pulezidenti.

Madzulo tinapita kwa aneba awo, madala ena opuma ntchito omwe garaja yawo anayisandutsa bwalo la milandu, TV pakhoma, firiji pakona, zithunzi za Fiesta Bowl ya pa 1 January 2007 pomwe Boise inagonjetsa Oklahoma 43-42, gemu yomwe munthu aliyense ku Boise amaikamba ngati anaseweramo yekha. Panali anthu asanu ndi mmodzi, mmodzi mwa iwo mnyamata yemwe anaphunzira ku Colorado, ndiye ndi amene anayatsa moto. Anati mphoto ya sabata ya Mountain West ndi chani, Jeanty akuthamanga pakati pa matimu ofooka, munthu weniweni ndi Travis Hunter. Hunter ameneyu Loweruka lomwelo Colorado ikukwapula UCF 48-21 anagwira touchdown, kenako ali kumbuyo analanda mpira wa adani mmalere nkuima mwa chifanizo cha chikho cha Heisman, chomwe amapereka mu December kwa osewera opambana onse wa makoleji, dzanja kutsogolo mwendo mmwamba, kuuza dziko kuti chikhocho ndi changa. Iye amasewera mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, zomwe kumeneko sizichitikachitika, zili ngati munthu akhale sitiraika komanso difenda gemu yomweyo osapuma.

A ku Boise sanalole. Anati matimu ofooka ati, sabata zitatu zapitazo Jeanty anapita kwa Oregon kwawo komwe nkuthamanga mayadi 192, ma touchdown atatu, Boise inaluza ndi 37-34 yokha, nanga Oregon ndi timu yofooka? Gemu yoyamba ku Georgia Southern mayadi 267, ma touchdown 6. Mnyamata uja akuti Colorado ili pa TV sabata iliyonse, awa akuti eya chifukwa cha kochi Deion Sanders ndi magalasi ake, ife gemu zathu zimayamba anthu a ku New York atagona ndiye ovota ationa liti. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti kamphoto ka Lolemba kaja kwa anthu a tauni yaing'ono ngati Boise ndi risiti, umboni oti akaulule kwa akuluakulu kuti ifenso tilipo, amakasonkhanitsa sabata ndi sabata kudikira December.

Madala eni garaja anali chete nthawi yonseyi akutembenuza soseji. Kenako anandilozera pa TV pomwe amabwereza gemu, anati mlendo, usayang'ane nambala 2, yang'ana anyamata asanu akuluakulu aja kutsogolo kwake. Anaimitsa chithunzi. Zoona panali mpata oti ngolo ikhoza kudutsa, anyamata awiri atakankhira anthu uku ndi uku. Iwo ali ku sekondale ankasewera malo omwewo, offensive line, ndipo anati ku ligi ya SEC amapereka mphoto ya sabata kwa lineman, kuno ayi, munthu umatha zaka zinayi ukugundidwa mutu dzina lako osatchulidwa kupatula ukalakwitsa. Ine ndinakumbuka ma difensivu midifiuda athu omwe man of the match samawaona olo atafera pa bwalo, ndinagwirizana nawo madalawo, ngakhale kunena zoona mpata ukhalepo usakhalepo zomwe ndinaona Jeanty akuchita atagwidwa kale mwendo palibe lineman anamuthandiza.

Pobwerera ku eyapoti ananditenga dalaivala wa ku Congo, atamva ndikulankhula pa foni anatembenuka nkuti achimwene ndinu a ku Malawi? Anakhala ku Dzaleka zaka zambiri asanapite uko, Chichewa chake cha ku Dowa chenicheni. Ndinamufunsa za Jeanty ndi Hunter, anati aaa achimwene mpira ogwira ndi manja ine ayi, koma mwanayo apitilize kuthamanga chifukwa Loweruka la gemu ndimagwira ntchito mpaka 2 koloko usiku.

Ndinabwerera kumudzi ndili odwala kale matendawa. Lolemba lililonse usiku ndimatsegula X kuona ngati watenganso, ine munthu oti mwezi umodzi mmbuyomo sindinkadziwa kuti yadi ndi yaitali bwanji. Pomaliza sizoni anafika mayadi 2,601, kutsala 27 okha kuti apeze rekodi ya 1988 ya Barry Sanders, osati kochi Deion uja, ndipo ukatchula zimenezi mnyamata wa Colorado uja amayankha pa gulupu kuti Sanders anachita mu gemu 11, Jeanty 14.

Heisman analengeza pa 14 December ku New York, kuno inali 3 koloko mbandakucha wa Lamulungu. Magetsi anali atazima, ndinakhala pa khonde ndi foni ya 18 peresenti ndi kabandulo kotsala, udzudzu ukundidya. Hunter mapointi 2,231, Jeanty 2,017. Ndinakuwa kuti atibera mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa, akazi anga kutsegula windo kufunsa kuti akuba alowa kapena. Ndisanayankhe foni inalira, alamu, mawu ali ngati kwagwa maliro, akuti alamu mwaona zomwe atichita anthu awa.