Nyimbo imodzi yandidyetsa sabata yonse

Ine ndi DJ, ndimaimba m'maukwati komanso pamalo ena ake ku Bwandilo Lachisanu lililonse. Sabata ino kunena zoona ndaidyera nyimbo imodzi basi, ya house yothamanga yomwe mnzanga wa ku Joni ananditumizira pa WhatsApp Lolemba usiku.

Lachiwiri ndi Lachitatu kunalibe ntchito, ndiye ndimangoibwereza pa laputopu kunyumba ku Area 25 mpaka madamu anadandaula. Ili pa 126 BPM, kutanthauza mabiti 126 pa mphindi imodzi, kiki yake (ng'oma yaikulu ija) du du du du pa biti iliyonse osapuma, ndipo chinsinsi cha house ndi chomwecho, phazi silisochera ngakhale munthu wosadziwa kuvina. Paja nyimbo za house zinayambira ku Chicago m'ma 1980, ku kalabu ya Warehouse komwe ankaimba Frankie Knuckles, koma ife kuno zinatipeza kudzera ku Joni limodzi ndi kwaito.

Lachisanu ku Bwandilo ndinayamba ndi amapiano monga mwa masiku onse. Amapiano ndimawakonda koma amayenda mozemba, cha m'ma 112 BPM, anthu amavina botolo lili m'manja uku akucheza. Itakwana 11 koloko ndinakweza liwiro pang'onopang'ono kenako ndinaiponya. Eee! Pakati pake pali pena pomwe kiki imachoka, kumangotsala ka piyano ndi mawu a mtsikana, sineya (kang'oma kolira mokweza) nkumachulukira kuthamanga, anthu manja m'mwamba kudikira ngati akudikira penate, ndiye bezi ikagwa malo onse amadumpha kamodzi. Mabotolo anasiyidwa pa tebulo. Ndinaiimba katatu usiku umenewo, zomwe sindichita.

Koma nkhani ili pa Loweruka, ukwati ku Likuni. Nthawi ya perekaniperekani MC anandikuwira kuti "a DJ, akuchimuna akugona awa, tipatseni yothamanga!" Ndinazengereza kaye chifukwa kutsogolo kunali azimayi akuluakulu atavala zitenje zofanana, ndimati mwina andinena kuti ndabweretsa za kubala. Ndinangoiika. Ma K500 ndi ma K1,000 anayamba kugwa m'lichero ngati masamba, ndipo itangofika pomwe kiki imachoka paja magetsi anazima! Anthu amvekere ndi nyimbo yomweyo, anapitiriza kuwomba m'manja pa biti yomweyo, wina nkuyamba nthungululu, ine thukuta kamukamu ndikulimbana ndi jenereta. Italira ndinayambira pomwe bezi imagwa penipeni, holo yonse inachita ngati ndinakonza dala.

Pomanga zingwe madzulo anabwera agogo ena akuchikazi, akupumira m'mwamba. "Mwanawe, ng'oma yako ija ikuchita kukoka mwendo ngati ya chimtali, undiikire mu memore khadi." Ndinawauza kuti agogo musadandaule, ndinawaikira pomwepo, anafuna kundipatsa K1,000 ndinakana. Lamulungu ndinagona tsiku lonse, makutu akadali du du du.